Syd Barrett, a Norman Smith ndi tepi ya mizere inayi

Ikangobuka nkhani ya chimbale choyamba cha Pink Floyd, The Piper at the Gates of Dawn, chimene chinatuluka ku Britain mu Ogasiti 1967, sipapita nthawi wina asanatchule LSD. Amati anyamatawo anameza mankhwala ozunguza bongo, mitu n'kuzungulira, nyimbo n'kumangotsika zokha. Nkhaniyi imakoma pofotokoza, koma ine imandiwawa, chifukwa imalanda anthu thukuta lawo. Zoti Syd Barrett, woyimba ndi wagitala wa gululi, ankamwa LSD palibe angatsutse. Anayamba ali kwawo ku Cambridge gululi lisanatchuke n'komwe. Koma mankhwala sanaimike maikolofoni patsogolo pa ng'oma, sanadule tepi ndi lezala, sanakhale pampando mpaka usiku kumvetsera vesi imodzimodzi mobwerezabwereza. Chimbalechi chinachokera m'manja ndi m'makutu a anthu, makamaka m'kukokana kwa anthu awiri: Barrett, mnyamata wa zaka 21 amene kuyimba nyimbo mofanana kawiri kunkamutopetsa, ndi pulodyusa wawo a Norman Smith, bambo wa zaka 44 amene ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti nyimbo ili ndi poyambira ndi pothera.

Ngati dzina lakuti psychedelic rock ndi lachilendo kwa inu, kumbukirani WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, kapena gitala yokalipa ya Paul Ngozi. Anyamata a ku Zambia a m'ma 1970 aja anatengera kayimbidwe kamene kanabuka ku Britain ndi ku America zaka zingapo m'mbuyo mwake, n'kukasakaniza ndi zakwawo. Ndi nyimbo zofuna kuti womvera aiwale pamene wakhala. Gitala imalira mwakuti sungaizindikire, mawu amapita kutali n'kubwerera, nyimbo imasochera dala kenako n'kudzatulukiranso panjira.

A Pink Floyd anayamba ali ana asukulu. Roger Waters, Nick Mason ndi Richard Wright anakumana ku Regent Street Polytechnic ku London, kumene ankaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Barrett, mnzake wa Waters wa ku Cambridge, ankaphunzira zojambulajambula ku Camberwell. Iyeyu ndi amene analuka dzina la gululo polumikiza mayina a oyimba blues awiri achikuda a ku America, Pink Anderson ndi Floyd Council, ndipo poyamba ankangobwereza nyimbo za eni ake zamtundu womwewo. Nyimbo zimene ankazidziwa zinali zochepa, maola oti ayimbe ali ambiri, ndiye anazolowera kuikoka nyimbo pakati kuti nthawi ikwane. Chizolowezi chosochera chija chinayambira pamenepo.

Mu Disembala 1966 Joe Boyd ndi John Hopkins anatsegula kalabu yotchedwa UFO m'chipinda chapansi mumsewu wa Tottenham Court Road. Inkatsegulidwa Lachisanu usiku mpaka m'bandakucha, ndipo Pink Floyd inasanduka bandi ya pakhomopo. Nkhope za oyimba sizinkaoneka bwino. Oyang'anira magetsi ankadonthetsa mafuta ndi inki yamitundumitundu pakati pa timagalasi tiwiri n'kutilowetsa mu pulojekita. Babu likatentha, madontho aja ankawira, kutambasuka, kumezana, ndipo zonsezo zinkagwera pa oyimba ndi pakhoma la kumbuyo kwawo. M'menemo nyimbo imodzi inkatha kudya mphindi 20 osapuma.

Kampani yojambula nyimbo ya EMI itawalemba kumayambiriro kwa 1967 n'kuwapatsiratu mapaundi 5,000, inatsala ndi mutu wopweteka: phokoso lotere lilowa bwanji pambale imene mbali imodzi imangonyamula mphindi 20 ndi pang'ono? Nyimbo yawo yoyamba kutuluka, "Arnold Layne", anaijambulitsa ndi Boyd pa situdiyo yaing'ono ya Sound Techniques ku Chelsea. Koma EMI inkafuna kuti oyimba ake aziyang'aniridwa ndi antchito ake. Boyd anatsala panja, m'malo mwake munalowa a Norman Smith.

A Smith anabadwa mu 1923. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse anali m'gulu la ndege la RAF, ankadziwa kuyimba jazz, ndipo ndi iwo amene anali injiniya wa The Beatles kuyambira 1962 mpaka chimbale cha Rubber Soul mu 1965. Atakwezedwa kukhala pulodyusa, Pink Floyd ndi imene inali mwayi wawo woti adzionetse. Malo amene anawatengerako anyamatawo, situdiyo za EMI mumsewu wa Abbey Road, anali a mwambo wolimba. Anatsegulidwa mu 1931, wopeka nyimbo wotchuka Edward Elgar akutsogolera okhesitira. Amisiri a makina ankavala makhoti oyera, nthawi yojambulira inkagawidwa maola atatuatatu, chida chilichonse chinali ndi kagwiridwe kake kovomerezeka. Pa 21 Febuluwale 1967 anyamata a ku UFO analowa mu Studio Three, injiniya wawo ali Peter Bown.

Pano ndikufuna muyandikire pang'ono, chifukwa mbali imeneyi ndi imene ofotokoza za LSD amaidumpha.

Lero mnyamata wa laputopu kuchipinda kwake ali ndi mizere yojambulira yosawerengeka, ndipo akalakwitsa amangodina batani n'kubwerera. Ku Abbey Road mu 1967 kunali makina a Studer J37, a tepi yotambalala inchi imodzi, ya mizere inayi basi. Ng'oma, besi, gitala, ogani, woyimba, opolokezana naye ndi maphokoso ena onse, zonsezo pamizere inayi. Ikadzaza, injiniya ankaisakaniza n'kuikopera pamzere umodzi kapena iwiri ya tepi ina pamakina achiwiri, kuti papezeke malo owonjezerapo zina. Koma zikasakanizidwa zasakanizidwa. Zili ngati mchere m'ndiwo, ukathira wathira, sungautolenso. Besi ikakwera mopitirira tsiku limenelo, idzamveka choncho mpaka kalekale. Kukopera kulikonse kunkawonjezeranso kamkokomo ka tepi, mawu n'kumafooka pang'onopang'ono, kotero sukanangokopera mmene ungafunire. Pankafunika munthu woti aimve nyimbo yonse m'mutu mwake isanathe, adziwiretu kuti ogani idzakhala pati, mawu adzalowera pati, kenako alimbe mtima n'kunena kuti tasakaniza, sitibwereranso. Ntchito imeneyo inali ya a Smith ndi Bown, tsiku ndi tsiku, kuyambira Febuluwale mpaka Meyi.

Anali ndi zida zina zowathandiza. Chaka cham'mbuyo mwake katswiri wa pamalopo, Ken Townsend, anali atatulukira njira yotchedwa ADT: mawu a woyimba ankawadutsitsa pamakina achiwiri n'kuwabweza mochedwerako pang'ono kwambiri, mwakuti munthu mmodzi ankamveka ngati awiri. Mawu a Barrett m'chimbalechi amamveka choncho malo ambiri, ndipo ine ndimaona kuti njira imeneyi inali mpumulo waukulu pogwira ntchito ndi woyimba wosabwereza chinthu mofanana. Akafuna kuti mawu amveke ngati ali m'holo yaikulu, ankawatumiza kuchipinda chenicheni cha makoma olimba, sipika kuno maikolofoni uko, n'kujambula mmene akugundira makomawo.

Barrett naye anabwera ndi zake. Sanali wa zala zothamanga ngati Jimi Hendrix kapena Eric Clapton, ndipo sankayesa n'komwe. Gitala yake ya Fender Esquire anaimata tizitsulo tozungulira tonyezimira kuti izibwezera magetsi a ku UFO m'maso mwa anthu. Ankailumikiza ku kabokosi kochokera ku Milan kotchedwa Binson Echorec. M'kati mwake muli chimbale chachitsulo chimene chimazungulira. Mutu umodzi umalembapo mawu m'mphepete mwake, mitu inayi imawawerenga aliwonse panthawi yake, ndiye ukakhudza chingwe kamodzi umamva kulira kukubwera motsatizana, kukuchepa, kukulowana. Ukapotoza kabatani kuti mawu obwererawo alowenso m'bokosimo, amaunjikana mpaka kusanduka mphepo yolira yokha. Tsono Barrett ankatenga laitala yachitsulo ya Zippo n'kumaitsetsereka pazingwe, kukwera ndi kutsika. Anali ataonerera Keith Rowe wa gulu la AMM, amene ankagoneka gitala patebulo n'kumaikanda ndi zinthu zosiyanasiyana. Ankasewera ndi gitala mmene wojambula amasewerera ndi utoto, ndipo wojambula ndi chimene iye anali poyamba. Wright nayenso ankadutsitsa ogani yake ya Farfisa mu Echorec. Ndikamamvetsera ndimapeza kuti theka la zimene anthu amati ndi matsenga a Syd kwenikweni ndi zala za Wright, mnyamata wofatsa amene satchulidwatchulidwa.

"Interstellar Overdrive" ndi pamene UFO inalowa m'situdiyo osavula nsapato. Chiyambi chake n'chosangalatsa: manijala wawo Peter Jenner ankayesa kung'ung'udza nyimbo ina ya gulu la ku America lotchedwa Love imene dzina lake anali ataliiwala, Barrett n'kumamutsatira ndi gitala, mpaka panatuluka kayimbidwe kotsetsereka kamene kamatsegula ndi kutseka nyimboyi. Pakati pakepo palibe mapu. Chimene anachita n'kujambula gulu lonse likuyimba kamodzi, kenako n'kujambulanso gulu lomwelo likuyimba pamwamba pa zoyamba zija. N'chifukwa chake mumamva magitala awiri akulankhulana koma osamvana kwenikweni, besi ikugogoda malo amodzi, zinthu zikuphwasuka n'kudzakumananso mwangozi. Nyimbo ya mphindi 20 ija anaipanikiza kufika pa mphindi zosakwana 10. Ena amati apa a Smith anaithena. Ine ndimati anaipulumutsa, chifukwa chimene chimakoma uli m'chipinda chodzaza utsi ndi magetsi 3 koloko m'mawa sichikoma chimodzimodzi uli wekha pabalaza masana. Ndipo taonani pamene anaiika: ikutsegula mbali yachiwiri ya mbale, ndipo ikangotha phokoso lonselo pamabwera "The Gnome", kanyimbo ka mphindi ziwiri kokamba za kamunthu kakafupi ka m'nthano.

Pa nyimbo 11 za m'chimbalechi, 8 analemba Barrett yekha, ziwiri gulu lonse, imodzi Waters. Zambiri mwa za Barrett ndi zazifupi, za mavesi olongosoka bwino, ndipo nkhani zake ndi za ubwana: mphaka, njinga, chiopsezo cha mbalame choimikidwa m'munda, mayi akuwerengera mwana nthano asanagone. Dzina la chimbale analitenga pamutu wachisanu ndi chiwiri wa buku la ana la Kenneth Grahame la mu 1908, The Wind in the Willows. Bambo ake, omwe anali dokotala, anamwalira mu Disembala 1961 iye atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 16, ndipo nyimbo zimenezi zimandimvekera ngati za munthu amene akuyang'ana kumbuyo kunyumba imene inali yathunthu. Pansi pa kuseka pali mantha ena ake. Onaninso umisiri wake. "Matilda Mother", imene anayamba nayo kujambula, poyamba inali ndi mawu obwereka ku ndakatulo za Hilaire Belloc. Osunga chuma cha Belloc atakana, Barrett anakhala pansi n'kulemba mawu akeake, ndipo ndi amene tikuwamva lero. Munthu wongotengeka ndi mankhwala sachita zimenezo. Ameneyo ndi mlembi wodziwa ntchito yake.

Koma kugwira naye ntchito kunali kowawa, ndipo a Smith sanabise zimenezi atakalamba. Ankati akamulangiza kuti apa ukweze mawu, apa usinthe, Syd ankangogwedeza mutu kuvomera, n'kubwerera pa maikolofoni kukayimba mmene iye wafunira. Okonda Barrett ambiri amawatenga a Smith ngati mkulu wosamvetsa za achinyamata. Mwina zina sankazimvetsadi. Iwo makutu awo anakulira mu jazz ndi m'nyimbo za mphindi zitatu. Komabe ndi iwo amene anaumirira kuti mawu azimveka, kuti opolokezana agwirizane, kuti nyimbo iliyonse ikhale ndi thupi. Ndipo sanatsekere anyamatawo kunja kwa chipinda cha makina, mmene zinkakhalira kawirikawiri masiku amenewo. Anawalola kugwira mabatani, kufunsa, kufukula zida zimene zinkangokhala m'makona a Abbey Road. Waters, Wright ndi Mason anatuluka m'miyezi imeneyo akudziwa kuti situdiyo nayo ndi chida choyimbira, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi pambuyo pake anatulutsa The Dark Side of the Moon kuchokera m'nyumba yomweyo. Akanapeza pulodyusa wongovomera zilizonse, tikanakhala ndi tepi yaphokoso yosungidwa ndi anthu ochepa. Akanapeza wokana zonse, tikanakhala ndi timanyimbo tokoma toiwalika. Anapeza munthu wokangana nawo koma osawathawa.

Mvetserani mmene chimbalechi chimayambira ndi mmene chimathera. "Astronomy Domine" imatseguka ndi mawu a Jenner akutchula mayina a zakuthambo kudzera pa chimkuzamawu cham'manja, kumbuyo kukumveka kulira kodukaduka ngati uthenga wa pawayilesi ya asilikali, kenako ng'oma za Mason n'kugwa. Nthawi imeneyo munthu anali asanaponde pamwezi. Kunali kutatsala zaka ziwiri. "Bike" imathera m'chipinda cha mawotchi, mabelu, zitsulo ndi kuseka kothamangitsidwa kumene kumangobwerezabwereza mpaka kuzilala. Kubwerezako kunkapangidwa podula kachidutswa ka tepi, kulumikiza nsonga zake ziwiri n'kukazungulitsa pamakina. Phokoso lililonse m'menemo wina anachita kulifuna, kulijambula, kuliyeza kutalika ndi kulimata.

Zoti The Beatles anali m'chipinda china cha nyumba yomweyo akujambula Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band zimanenedwa kwambiri, ndiye ndingodutsapo. Pa 21 Malichi a Smith anawatengera anyamata awo kukapereka moni pamene ankakonza "Lovely Rita". Chithunzi cha pachikuto anajambula ndi Vic Singh pogwiritsa ntchito galasi logawa nkhope kangapo limene anapatsidwa ndi George Harrison wa The Beatles. Kupitirira apo, zimbale ziwirizi n'zosiyana mtima: china ndi cha akatswiri amene anali atasiya kuyimba pamaso pa anthu ndipo anali ndi nthawi yonse, china ndi cha anyamata amene ankachoka m'situdiyo n'kukwera galimoto kukayimba kutali usiku womwewo.

Maulendo amenewo ndi mbali ina ya zimene zinamudya Barrett. Kunja kwa London anthu ankabwera kudzavina nyimbo zimene anazimva pawayilesi, makamaka "See Emily Play" imene inafika pa nambala 6 pamndandanda wa nyimbo zotchuka. M'malo mwake ankalandira phokoso la ku UFO, ndiye ena ankawathira mowa ndi kuwagenda ndi makobidi. Kampani inkafuna nyimbo ina yogulitsa, a wayilesi yakanema ankafuna nkhope yake, ndipo kunyumba imene ankakhala mumsewu wa Cromwell Road mankhwala sankasowa. David Gilmour, mnzake wa ku Cambridge, atapita kukamuona akujambula "See Emily Play" mu Meyi, anadabwa kuona kuti Syd akumuyang'ana ngati sakumudziwa. Boyd nayenso anasimba za maso ake amene anali atazima. Pofika Novembala, paulendo wa ku America, ankatha kuima pansanja osakhudza gitala, kapena kumamasula zingwe nyimbo ili m'kati. Mu Januwale 1968, akupita kukayimba ku Southampton, anzake anangogwirizana zoti asakamutenge, ndipo Gilmour, amene anali atangolowa m'gululo, anatsala pamalo pake. Gilmour yemweyo ananena patapita zaka kuti akuganiza kuti vutolo linali lozama kale m'kati mwa mnzakeyo, mankhwala anangolifulumizitsa.

Tsono yang'anani kalendala. Nyimbo zambiri za m'chimbalechi zinalembedwa chakumapeto kwa 1966 ndi kumayambiriro kwa 1967, Barrett akadali wakuthwa, woseka, wofika pantchito. Mankhwala atachuluka, nyimbo zinayamba kuchepa. Pachimbale chachiwiri cha gululo, cha mu 1968, pali nyimbo yake imodzi yokha. Anatulutsa zimbale ziwiri payekha mu 1970, zokhala ndi zokoma zake koma zosweka, kenako anasiya. Anabwerera ku Cambridge, kumene anakhala akujambula zithunzi ndi kusamala dimba lake mpaka anamwalira mu Julayi 2006 ali ndi zaka 60. Ndikamva wachinyamata woyimba akunena kuti akufuna kusuta kapena kumeza kanthu kuti atseguke mutu ngati Syd, ndimafuna nditamuonetsa kalendala imeneyi.

Chimbalechi chinafika pa nambala 6 ku Britain. Ku America kampani ya Tower inachitulutsa mu Okutobala itachidula mwankhanza: inachotsa "Astronomy Domine", "Flaming" ndi "Bike", n'kulowetsamo "See Emily Play". Amene anagula chimenecho anamva chimbale chopanda khomo lolowera ndi lotulukira. Mwamwayi chimene chikupezeka pa intaneti masiku ano ndi cha mndandanda wa ku Britain.

Chotsala n'kusankha pakati pa mono (mawu onse otuluka njira imodzi) ndi stereo (mawu ogawidwa kumanzere ndi kumanja), ndipo kusiyana kwake si kwamasewera. Mu 1967 nyumba zambiri ku Britain zinali ndi galamafoni ya sipika imodzi, choncho khama lalikulu losakaniza linkapita ku mono. Stereo inkabwera pambuyo, mwachangu. Mu stereo, chakumapeto kwa "Interstellar Overdrive", nyimbo yonse imakankhidwa kuchoka kukhutu lamanzere kupita kulamanja n'kubwerera mothamanga, ndipo pamahedifoni ena chizungulire chimawagwiradi. N'zosangalatsa ulendo woyamba. Koma mu mono ng'oma za Mason zimalemera, besi ndi ogani zimamatirirana, mawu a Barrett amakhala patsogolo penipeni, ndipo zosankha zonse zija za pamizere inayi zimamveka mmene anazikonzera. Mono inatulutsidwanso mu 2007 pokumbukira zaka 40 za chimbalechi. Ngati mungaipeze, yambani ndi imeneyo, pasipika yabwino, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osadumpha, ngakhale "Take Up Thy Stethoscope and Walk" ya Waters imene mawu ake ndi ofooka koma pakati pake gitala ndi ogani zimathamangitsana mosalekeza.